PA BENCHI YA KUMSIKA: Sitima ya mwana isakudyereni mpamba

Abale anga a m'misika, ku Ntchisi kulibe njanji. Yambirani pa Boma mukafike kwa Malomo, mutsikire kwa Nthondo, mukwere phiri la Ntchisi mpaka m'nkhalango muja, simupeza chitsulo ngakhale chimodzi chimene sitima inapondapo. Mwana wa kumeneko akafuna kuona sitima ndi maso ake, ndiye kuti akwere matola mpaka ku Kanengo, apo ayi atsetsereke ku Salima. Komatu ana omwewo apatseni waya ndi zitsekerero za mabotolo, dzuwa lisanapendeke akhala atakupangirani lole ya matayala khumi, ya chiwongolero chachitali, yokhota bwinobwino pakona.

Ndiye funso langa sabata ino ndi lakuti: manja amene amatha lole, angalephere sitima?

Ndafunsa dala. Ambiri a inu amene mumagulitsa kachewere, soya ndi mtedza m'misika ya ku Lilongwe kwanu ndi ku Ntchisi ndi ku Dowa komweko. Geni ikayenda bwino, mtima umafuna kutengera mwana kenakake popita kumudzi. Mumalowa m'sitolo, mumaona bokosi lonyezimira, m'kati muli kasitima ndi tinjanji take tozungulira. Mumafunsa mtengo, mumatuluka chamchira. Ena amalimba mtima n'kugula, pamenepo atabudula mpamba wa sabata yonse. Pakutha masiku atatu kagiya kapulasitiki kathetheka, mwana ali kulira, inu muli kwa akatapila. Chikomekome cha mkuyu, abale, m'kati muli nyerere.

Ine ndikuti sitima mwana akhale nayo ndithu, koma isachokere pa mpamba. Ichokere pa zinyalala zimene mumasesa pabenchi panu madzulo alionse.

Poyamba tigwirizane chimodzi: nkhani ya masitima ang'onoang'ono si ya ana okha. Kunja kuno kuli azibambo a ndevu zoyera, ena madokotala, ena opuma pantchito, amene amatha zaka akumanga njanji patebulo, ndi masiteshoni ake, milatho, mapiri ndi tianthu todikira pa pulatifomu. Kampani ya Märklin ya ku Germany inaonetsa sitima yopukusa ndi kiyi yokhala ndi njanji zolumikiza mu 1891. A Frank Hornby a ku Liverpool anayamba kugulitsa zawo mu 1920. Ku Hamburg kuli nyumba yotchedwa Miniatur Wunderland, imene inatsegulidwa mu 2001, momwe tinjanji take mutatiyala mzere umodzi tingapitirire makilomita 15. Anthu amalipira pakhomo kuti akangoona. Eee, kulipira kuti aone zidole!

Koma zonsezi zimagulidwa ndi ndalama zakunja. Inu mukudziwa zimene zinachitikira katundu wa m'sitolo pamene kwacha inagwetsedwa ndi 44 peresenti mu November 2023. Ngati sopo anakwera chonchija, kuli bwanji kamutu ka sitima kochokera ku Ulaya? Tsono ife tisatengeko katundu wawo. Titengeko nzeru yawo, poti nzeru siilipitsidwa msonkho pachipata.

Nzeru yoyamba ndi muyeso. Galimoto yamawaya ilibe lamulo: iyi ikhoza kukhala yaikulu ngati beseni, iyo ngati sopo, zonse ziyenda pamsewu umodzi. Sitima siitero. Bogi lililonse liyenera kukwanira panjanji imodzi, ndipo nyumba, mlatho ndi munthu ziyenera kuchepa mofanana. Anzathu aja ali ndi miyeso yodziwika. Wotchuka kwambiri amautcha HO: chilichonse chimachepetsedwa ka 87, ndipo mpata wa pakati pa njanji ziwiri ndi mamilimita 16.5. Wina ndi N, wochepetsa ka 160, mpata wake mamilimita 9. Tinthu tating'ono ngati timeneti timafuna makina a kufakitale. Ndi pulayazi ya pakhomo simungathe.

Ndiye tichite monga amachitira wa geni wochenjera: ayambire pa katundu amene ali naye wambiri. Kodi mumsika chochuluka n'chiyani, chimene palibe amachilondera? Zitsekerero zapulasitiki za mabotolo. Chitsekerero chimodzi m'mimba mwake ndi pafupifupi masentimita atatu. Gudumu la bogi la sitima yeniyeni ndi pafupifupi masentimita 80. Mukagawa mupeza kuti mwachepetsa pafupifupi ka 27, koma kuti masamu aphweke ife tingotenga 24. Tsono mvetserani apa: njanji za m'Malawi muno mpata wake ndi mamilimita 1,067, chimodzimodzi za ku Mozambique, Zambia, Zimbabwe ndi South Africa. Gawani 1,067 ndi 24, mupeza 44 ndi theka. Tingoti mamilimita 45, kapena kuti masentimita anayi ndi theka. Umenewo ndiye mpata wa njanji ya mwana wanu. Mwamwayi, mamilimita 45 ndi muyeso womwe anzathu akunja amagwiritsa ntchito pa masitima oyenda panja m'maluwa. Ndiye kuti mwana wa kwa Kalumo ndi bwana wa ku London ali pa muyeso umodzi, wina walipira, wina watola.

Mukakhazikitsa 24 ameneyu, zina zonse ndi masamu a pulayimale. Munthu wamtali mita imodzi ndi masentimita 70 asanduka wa masentimita 7. Chitseko cha mamita awiri chikhala masentimita 8 ndi pang'ono. Bogi la mamita 12 likhala theka la mita, ndipo ngati malo achepa lifupikitseni, palibe wapolisi adzakugwirani. Musamuwerengere mwanayo. Mpatseni rula ndi pensulo awerenge yekha. Mwana amene amati masamu ndi mfiti mudzamuona akugawa manambala pansi ndi kamtengo, chifukwa tsopano yankho lolakwika likugwetsa sitima yake.

Nzeru yachiwiri: yambani ndi njanji, mutu wa sitima ubwere pambuyo. Apa ndi pamene ambiri amagwa. Mwana amathamangira kupanga mutu wokongola wa chumuni ndi nyali, kenako n'kupeza kuti palibe poyendetsa. Zili ngati kuoda matumba makumi awiri a kachewere musanapeze benchi.

Njanji yotsika mtengo kuposa zonse ndi ya nsungwi. Ng'ambani timizere towongoka, tokhuthala ngati pensulo, mutipale bwino ndi mpeni. Amene muli pafupi ndi akalipentala pemphani timizere ta matabwa timene amataya. Waya wokhuthala nayenso amatheka, koma amavuta kuwongola. Mitanda ya pansi dulani timitengo kapena timatabwa ta masentimita asanu ndi atatu, mutiyale motalikirana zala ziwiri. Musanakhome kalikonse, dulani kathabwa kamodzi ka mamilimita 45 enieni. Kameneko ndiye kapitawo wa ntchito yonse. Pamtanda uliwonse kalowetseni pakati pa njanji ziwirizo, kenako khomani kapena mangani. Mukayesa ndi diso, sitima idzakuyankhani pakona.

Za pakona zomwezo: musakhote mwadzidzidzi ngati minibasi yothawa apolisi. Khomani chikhomo pansi, mangirirani chingwe chotalika mita imodzi kapena kuposa, jambulani uta, njanji itsate utawo. Nsungwi yaiwisi, kapena yoviikidwa m'madzi usiku wonse, imapindika osathyoka. Ndipo musayambe ndi bwalo lozungulira bwalo lonse la pakhomo. Mita ziwiri zowongoka n'zokwanira mwezi woyamba. Bogi limodzi likayenda pamenepo osagwa, onjezerani. Tsokonombwe anatha mtunda n'kudumpha.

Magudumu ali ndi chinsinsi chake. Tayala la galimoto ndi losalala chifukwa pali dalaivala wowongolera. Sitima ilibe chiwongolero. Chimene chimaigwira panjanji ndi kamlomo kamene kali m'mphepete mwa gudumu, mbali ya m'kati. Kuti mupange kamlomoko, dulani kachikwakwa kozungulira kuchokera ku chigubu chakale chapulasitiki kapena chitini, kokulirapo pang'ono kuposa chitsekerero, mukamatike kumbuyo kwake. Chitsekerero chiponde pamwamba pa njanji, kachikwakwako kakhale m'kati. Ekiselo yabwino ndi sipoko ya njinga, ndipo okonza njinga amataya masipoko tsiku ndi tsiku. Ilowetseni m'kachubu ka bolopeni yakutha kuti izizungulira momasuka. Bowo likhale pakatikati penipeni, apo ayi bogi lidzayenda motsimphina. Siyaninso kampata kochepa pakati pa kamlomo ndi njanji, ngati kukhuthala kwa khobidi. Mukathinitsa, pakona igwira. Mukalekerera, igwera m'kati.

Thupi la bogi ndiye losavuta. Makatoni a sopo, zitini za mafuta ophikira, mapesi a chimanga ndi bango, zonse zimagwira ntchito. Chitini chachitali mukachigoneka ndiye thanki ya mafuta, yonga ija imachokera ku Nacala. Kabokosi kotsegula pamwamba mukathiramo makala osinja ndiye bogi la malasha a ku Moatize. Polumikiza mabogi pindani tiwaya ngati mbedza ndi mphete, koma zonse zikhale msinkhu umodzi kuchokera panjanji. Apanso kathabwa koyezera kakufunika.

Nanga iyenda bwanji? Masabata oyamba ikokeni ndi ulusi kapena ikankheni ndi chala, palibe manyazi. Mukafuna iziyenda yokha, pitani kwa okonza mawailesi. M'wailesi yakaseti yakufa, m'makina a DVD, m'kagalimoto kachidole kothyoka, muli timota timene timazungulira ndi mabatire a tochi awiri kapena anayi. Batire imodzi ndi mavolti 1.5. Ndati mavolti, osati mavoti, a ndale musadzuke. Masitima a m'sitolo ambiri amatenga magetsi kudzera m'njanji zachitsulo, koma ife njanji yathu ndi ya nsungwi, choncho mabatire akwere m'sitima momwemo. Zimenezi zili ndi ubwino wake, chifukwa mutu wa sitima umafuna kulemera kuti magudumu agwire. Ukapepuka umangopalasa pamodzimodzi. Mabatire akachepa kulemera, onjezerani manati ndi mabawuti akale.

Vuto la timota timeneti ndi liwiro. Mukalumikiza mota ku gudumu mwachindunji, sitima idzauluka ngati yaona mzukwa. Chitani chonchi: kochepa kayendetse kokulirapo. Kalegeni kopyapyala kachoke pa kamsomali ka mota kapite pa gudumu lalikulu lomwe mwalimangirira pa ekiselo. Liwiro litsika, mphamvu ikwera. Mukafuna ibwerere m'mbuyo, tembenuzani mawaya a batire. Mwana akadzazindikira yekha chifukwa chake, dziwani kuti sayansi ya Fomu 2 wayamba kale kuimva.

Pano ndiime kaye ndinene mokweza. Magetsi a m'nyumba ndi mavolti 230, ndipo amapha. Mwana asayerekeze kulowetsa mawaya a sitima m'soketi. Batire ya foni yotupa kapena yoboola imayaka moto, itayeni kutali. Zitini zodula zimacheka, pindani m'mphepete mwake. Ndipo tinthu ting'onoting'ono tisakhale pomwe pakukwawa khanda.

Tsopano tifike pokoma. Njanji yopanda dziko ndi makwerero ogonekedwa pansi. Anzathu akunja amagula udzu wapulasitiki ndi miyala ya m'paketi. Ife ku Ntchisi tigulenso phiri? Dothi la pachulu limaumba zitunda zolimba. Mchenga wosefa wa kumtsinje ndiye miyala ya pansi pa njanji. Utuchi wonyika mu utoto wobiriwira ndiye udzu. Ndere ndi tinthambi touma ndiye nkhalango. Phala la ufa wa chinangwa limamata mapepala ndi makatoni popanda kugula guluu. Timitengo ta machesi timamanga chigafa cha fodya chooneka ngati chenicheni. Mwana amange zimene amazidziwa: msika wa Mponela tsiku la msika, ngolo ya ng'ombe, mjigo, tchalitchi, kabaza atanyamula thumba. Ngati boma silinafikitse njanji ku Ntchisi, iye aifikitse, aike siteshoni pa Boma, ina kwa Malomo. Amenewa ndiye malonjezo okhawo a chitukuko amene ndikudziwa kuti akhoza kutheka chisankho chisanafike.

Koma akamaumba mapiri akewo, adzakumana ndi chimene chinavutitsa mainjiniya enieni. Sitima imadana ndi chitunda. Chitsulo pa chitsulo chimaterereka. Pa mita imodzi iliyonse, njanji yake isakwere kuposa masentimita awiri, akalimbikira atatu. Akafuna kukwera chulu chonse, ayenera kuzungulira. Pamenepo ndi pomuuza kuti njanji ya Salima kupita ku Lilongwe, imene inamangidwa ndi thandizo la dziko la Canada n'kutsegulidwa mu 1979, imakwera mamita oposa 500 kuchokera kuchigwa cha kunyanja, ndipo n'chifukwa chake imakhotakhota. Akayang'ana zitunda za kwawo adzamvetsa yekha chifukwa chake njanji ku Ntchisi si nkhani yamasewera.

Mbiri yonse ya njanji zathu ikhoza kulowa m'masewera amenewa popanda mwana kudziwa kuti akuphunzira. Sitima inafika ku Blantyre mu 1908 kuchokera ku Port Herald, kumene lero timati Nsanje. Mu 1935 inafika ku Salima, ndipo chaka chomwecho mlatho wa Dona Ana unatsegulidwa pa Zambezi, wotalika makilomita oposa atatu ndi theka. Muuzeni mwana augawe ndi 24: adzapeza kuti ngakhale kachidole kake kangatalike kuposa bwalo la mpira. Mu 1970 njanji ya Nkaya kupita ku Nayuchi inatilumikiza ndi doko la Nacala. Mu 1980 inafika ku Mchinji, koma kuti idumphe malire n'kufika ku Chipata zinatenga mpaka 2010. Zaka makumi atatu pa kamtunda kameneko! Ndiye mwana wanu akatha miyezi itatu pa mita ziwiri, musamuseke.

Amene munakwerapo sitima ya Limbe, Balaka mpaka Nayuchi ndi madengu a tomato mukudziwa kuti sitima si injini yokha. Ndi amayi ogulitsa nthochi pazenera, ndi nkhuku pansi pa mpando, ndi kukangana pa mtengo sitima ikunyamuka. Mufotokozereni mwana zimenezo, aumbe tianthu tadothi, aike pasiteshoni pake. Inu ndinu buku lake.

Ena mudzati malo tilibe, tikukhala m'kachipinda ka lendi ku Mchesi kapena kwa Chinsapo. Pali njira. Mngelezi wina, Alan Wright, anatchukitsa kamasewera kotchedwa Inglenook Sidings, kongofuna thabwa limodzi lalitali. Njanji imodzi imagawikana patatu. Nthambi yoyamba imakwana mabogi asanu, ziwiri zinazo atatu atatu. Kumene mutu umabwerera kumakwana mutuwo ndi mabogi atatu basi. Mabogi onse ndi asanu ndi atatu. Mumalemba manambala awo pa timapepala, n'kutola tisanu mwamaere, ndipo ntchito ndi kusanja mabogi asanuwo mu ndondomeko imene maere agwera, popanda kunyamula ndi dzanja. Masanjidwe otheka alipo 6,720. Okonda bawo, yesani ameneyu, nsima idzazizira. Pa thabwa lalifupi pangani timabogi tatifupi ta mabokosi a machesi pa kanjanji kopapatiza. Pogawikana njanji musavutike ndi zamakina: dulani chidutswa cha njanji, chikhomeni ndi msomali umodzi kumapeto kuti chizitembenuka, muzichilozetsa ku nthambi imene mukufuna.

Nanga amene mtima wakana, mukufunabe ya kufakitale? Chabwino, ndalama ndi zanu. Koma gulani ngati wamalonda. Zakale zimaposa zatsopano zotchipa. Nthawi zina m'mabelo a zidole a kaunjika mumatuluka mabogi ndi tinjanji, ndipo abale amene ali ku Johannesburg akhoza kupeza zogwiritsidwa kale ntchito. Kampani ya Lima ya ku Italy inkapanga masitima a HO openta mitundu ya njanji za South Africa, ndipo akale ake amagulitsidwabe pamanja kumeneko. Musanapereke ndalama, yezani mpata wa magudumu ndi rula, chifukwa bogi la N silikwera njanji ya HO ngakhale mulipempherere. Mutu wa HO wamba umayenda ndi magetsi osapitirira mavolti 12, choncho gusitsani batire ya mavolti 9 pa magudumu ake: ukapanda kutakataka, usiyeni. Gulani mutu umodzi wabwino ndi njanji zochepa. Nyumba, milatho ndi mapiri pangani nokha. Ndipo ndalama yake ichoke pa phindu, mutachotsa kale ya fizi, ya feteleza ndi ya banki m'khonde.

Pali nkhani ina imene sindingaidumphe, chifukwa ikukhudza ife a m'misika mwachindunji. Waya achoke kuti? Tonse tikudziwa kuti m'dziko muno anthu amadula mawaya a magetsi ndi a telefoni, amamasula zitsulo za njanji yeniyeni, n'kukagulitsa kwa ogula zitsulo zakale. Wina amafera pa thiransifoma, mudzi wonse n'kukhala mumdima, sitima n'kugwa. Mwana amene mwamuuza kuti "kasake waya" popanda kumuuza kosaka, mwamutsegulira njira imeneyo. Lero adula mpanda wa sukulu, mawa akwera pholo. M'mera mpoyamba. Waya wabwino ulipo wambiri: womangira mabelo, mahang'ala othyoka, masipoko, zotsala kwa owotcherera ndi kwa omanga mipanda. Lamulo likhale limodzi: chilichonse apemphe, ndipo adziwe kunena kumene wachitenga. Sitima yomangidwa ndi waya wakuba imathera kupolisi.

Mwina wina akuti, aNgano inu, zonsezi n'zachiyani pamene mwana akufunika kuwerenga? Funso labwino. Ine ndaona makolo ambiri akuthyola galimoto zamawaya ndi kukalipa kuti ndi zauve, zotayitsa nthawi. Komatu kuseri kwa malire a Ntchisi, ku Wimbe m'boma la Kasungu, kunali mnyamata William Kamkwamba, amene analeka sukulu chifukwa cha fizi nthawi ya njala ya 2001 ndi 2002. Ankatola zitsulo kudzala, anthu n'kumati wapenga. Mu 2002 anaimika makina a mphepo opangidwa ndi dayinamo ya njinga, fani ya thirakitala ndi mitengo ya bulugama, nyumba ya kwawo n'kuyaka magetsi. Mu 2014 anamaliza maphunziro ku Dartmouth College ku America, ndipo mu 2019 nkhani yake inatuluka pa kanema. Sindikunena kuti mwana aliyense wotola zitsekerero adzafika kumeneko. Ndikunena kuti manja amene azolowera kuyeza, kudula, kulephera ndi kuyambiranso sagona ndi njala. Makaniko, owotcherera ndi akalipentala amene mumawalipira lero, afunseni anayambira pati.

Ndipo onani izi: mayi wina wa ku America, Karen Lynn Williams, amene anakhalapo m'Malawi muno, analemba buku la ana lotchedwa Galimoto mu 1990, lonena za mnyamata wa kuno wosaka waya. Ana a kunja akhala akuliwerenga m'sukulu zawo, kusirira luso limene ife timalithamangitsa ndi chikoti. Zimene tili nazo timaziona akatiuza alendo.

Mawu amodzi kwa azibambo: mwana wamkazi musamuike pambali kuti iye aziphika masanje basi. Rula siidziwa kuti wagwira ndani. Ndiponso musalande ntchito. Ndikukudziwani, mudzayamba ndi "bwera ndikuthandize", pakutha ola mwana ali chiimire, inu muli chigwadire m'fumbi. Ngati mwaikonda, pangani yanu, mupikisane.

Kwa inu amene maso ali pa ndalama, inde, chinthu chopangidwa bwino chimagulika. Galimoto ndi njinga zamawaya zimagulitsidwa kale kwa alendo pamodzi ndi ziboliboli. Sitima ya mabogi atatu yoyenda panjanji yake ikhoza kuima pa benchi pomwepo. Koma musafulumire kusandutsa mwana fakitale. Yoyamba ndi yake, asunge. Akafuna kugulitsa yachiwiri, muphunzitseni kuwerengera zimene walowetsa ndi nthawi yake, monga mumachitira inu ndi thumba la mtedza.

Tsono ntchito ya sabata ino nayi. Pezani katoni imodzi, muiike pansi pa benchi. Muziponyamo zitsekerero zofanana kukula, waya wa mabelo, mabolopeni akutha ndi zitini zoyera. Mukadutsa kwa wokonza njinga pemphani masipoko anayi, kwa wokonza wailesi kamota kamodzi. Chogula ndi rula basi, ndi pulayazi ngati pakhomo palibe. Katoniyo ikadzadza, ikwezeni pa lole ya kachewere yobwerera kumudzi, pamwamba mulembepo nambala ziwiri, 24 ndi 45, kuti mwana akayambire pomwepo.

Sabata yamawa tidzakambirana za masikelo a m'misika, ndi chifukwa chake kilogalamu ya ena imalemera mosiyana m'mawa ndi madzulo. Eni ake mwamva kale. Geni yabwino nonse.